MAKINA OOCHERERA ZITSULO PANSI PA UFA

Munthu wodutsa pa malo oocherera zitseko ndi mawindo mu Kalingalinga amatembenuza nkhope cifukwa ca moto wothobwa m'maso. Koma kuli njira ina yolumikizira zitsulo imene moto wace suoneka konse. Pa Cingelezi imachedwa submerged arc welding, ndiko kunena kuocherera ndi moto wokwiririka. Makina ace ndi imodzi ya nchito zimene ophunzira za uinjiniya angathe kupanga ndi manja ao asanatsirize maphunziro.

Magwiridwe ace ali tere. Pamene zitsulo ziwiri zakumanizidwa, makina amathira ufa wa miyala wochedwa flux pa mzere wonse. Waya wocokera pa mkukuzi amalowa mu ufawo, ndipo moto wa magetsi umayaka pansi pace. Ufa wina umasungunuka ndi kuphimba citsulo ca madzi kuti mpweya usacionongetse. Ukazizira umauma ngati cikhungwa cosavuta kugamula, ndipo ufa wotsala amaukolola ndi kuugwiritsanso nchito. Palibe zothetheka, ndipo utsi ndi wocepa.

Njirayi inayamba ku America, kumene inalembetsedwa mwa lamulo m'caka ca 1935. Koma amene anaichukitsa kwambiri ndi mphunzitsi wa ku Kyiv, m'dziko la Ukraine, Evgeny Paton. Bamboyu anabadwa mu 1870, ndipo anakhala zaka zambiri akuphunzitsa kamangidwe ka maulalo. Anayamba za kuocherera ali ndi zaka pafupifupi 60, nakhazikitsa bungwe lofufuza za nchitoyi mu 1934.

Nkhondo itafika m'dzikolo mu 1941, iye ndi anchito ace anasamutsidwira ku Nizhny Tagil, kumene kunali kupangidwa akasinja a T-34. Amisiri ambiri anali atapita ku nkhondo, motero makina ace anali kuyendetsedwa ndi anyamata ndi atsikana ophunzitsidwa kwa nthawi yocepa cabe.

Kumeneko, mu 1942, mmodzi wa anzace, Vladimir Dyatlov, anapeza cinthu cimene wophunzira aliyense ayenera kucidziwa. Anaona kuti waya akamatsika pa liwiro losasintha, motowo umadzikonza wokha. Waya akayandikira kwambiri, magetsi amaculuka ndi kumsungunula msanga. Akatalikira, magetsi amacepa ndipo kusungunuka kumacedwa. Cifukwa ca ici, zipangizo zovuta zoyang'anira motowo zinakhala zosafunika, ndipo makina anapepuka.

Cikumbutso ca nchito imeneyi ndi ulalo wa Paton pa mtsinje wa Dnipro, wotalika mamita 1,543, wolumikizidwa ndi kuocherera m'malo mwa misomali ya citsulo. Unatsegulidwa mu November 1953, mwini wace atamwalira mu August caka comweco.

Nanga wophunzira afunika ciani? Zinthu zinai: gwero la magetsi lopereka ma amp 300 kapena kuposerapo, mota yokankha waya, cotengera ca ufa cokhala ndi mpopi pansi, ndi kangolo koyenda pa njanji. Pobvuta peni-peni ndi pa kangoloko. Popeza moto suoneka, munthu sangaukonze ndi maso monga acitira mmisiri wa ndodo. Kangolo kakathamanga, moto sulowa mkati mwa citsulo. Kakacedwa, citsulo cimabooka. Cosalongosoka cimaoneka pokha-pokha cikhungwa citagamulidwa, ndipo umboni weni-weni ndi kudula kacidutswa ka polumikizapo ndi kukapinda.

Njirayi iri ndi malire ace. Ufa sukhala pa khoma kapena kudenga, motero citsulo ciyenera kugona pansi, kapena kuzunguliridwa ngati ndi paipi. Siiyenera zitsulo zopyapyala ai.

Nkhaniyi itikhudza ife a Zambia. Waya wa makinawa kawiri-kawiri amakutidwa ndi mkuwa, cuma ca dziko lathu. Ndiponso njira yomweyi ndiyo imapanga matanki ndi mapaipi akulu, ndi kubwezera citsulo pa mawilo ndi zogudubuza zimene zaperepeseka, zonga za m'migodi. Ciri conse cokonzedwa kuno cipulumutsa ndalama za kunja. Wophunzira wa pa University of Zambia kapena pa Northern Technical College ku Ndola amene kangolo kace kayenda bwino, ndi polumikiza pace papindika osang'ambika, adzakhala ataphunzira nchito imene migodi ndi mafakitale athu aifuna.