Mayi wa vayolini amene amaimitsa anthu m'nyumba ya zaluso

M'nyumba zosungiramo zaluso anthu sakhalitsa pa chinthu chimodzi. Amaima pa chithunzi, kuponyapo maso, n'kupitirira. Laurie Anderson, mayi wa ku America amene anabadwa mu 1947 n'kukulira ku Glen Ellyn m'chigawo cha Illinois, watha zaka zoposa 50 akulimbana ndi chizolowezi chimenechi. Nthawi zambiri amatulukira yekha, vayolini ali m'manja, makina ochepa ali pambali, n'kuyamba kusimba nkhani. Ofuna kudutsa amapezeka aima.

Ntchito yake sinayambire ku zoimbaimba. Ku yunivesite ya Columbia anaphunzira zosemasema, ndipo digiri yake yachiwiri anaimaliza mu 1972. N'chifukwa chake anthu oyamba kumumvera anali a m'malo oonetsera zaluso ku New York, osati a m'maholo a dansi.

Cha m'ma 1974 anachita chinthu chimene mpaka lero chimakambidwabe. Ankavala nsapato zotsetserekera pa ayisi, zitaundanitsidwa m'zibuma za madzi oundana, n'kuima m'mbali mwa msewu ku New York, kenako ku Genoa m'dziko la Italy. M'kati mwa vayolini yake munali kachipangizo kotulutsa nyimbo imene anajambuliratu, choncho ankaimba mothandizana ndi iye mwini. Pakati pa nyimbo ankalankhula ndi odutsa. Chionetsero chinkatha ayisi akasungunuka, basi. Ntchitoyi anaitcha Duets on Ice, ndipo chimene chimandigwira mtima n'chakuti wotchi sanaipatse mphamvu: dzuwa la tsikulo ndilo linkagamula kutalika kwa nkhani.

Mu 1977 anachotsa ubweya wa hatchi pa uta wa vayolini n'kumatapo tepi yojambulidwa mawu. Akakoka uta, vayolini inkalankhula. Akaubweza, mawu ankabwerera chafutambuyo. Chaka chotsatira, ku Museum of Modern Art, anaika tebulo lamatabwa lotchedwa Handphone Table. Mlendo ankakhala pansi, kutsamira zigongono patebulo, n'kutseka makutu ndi zikhatho. Nyimbo inkakwera kudzera m'mafupa a mikono mpaka m'mutu. Woona patali ankangoona anthu ogwira mitu ngati ofedwa, pamene iwo akumvetsera.

Kutchuka kunamupeza mosayembekezera. Nyimbo yake ya mphindi 8, O Superman, inafika pa nambala 2 pa nyimbo zogulidwa kwambiri ku Britain mu 1981. Ena akanathawira komweko ku ndalama. Iye anatenga mwayiwo n'kumaliza United States, chionetsero cha maola pafupifupi 8 chimene chinachitika mausiku awiri ku Brooklyn Academy of Music mu 1983.

Luso lake lenileni lili pa kalankhulidwe. Safuula. Amaponya mawu awiri atatu, kupuma, vayolini n'kuyankha, ngati mmene omvera nthano amavomerezera kuti "tili tonse" wosimba asanapitirize. Nthawi zina amadutsitsa mawu ake m'makina kuti amveke ngati a bambo wamkulu wodzidalira, ndipo mawu amenewo amanena zinthu zimene maboma ndi makampani amakonda kunena. Omvera amaseka, kenako amakhala chete atazindikira kuti mawuwo amawamva tsiku ndi tsiku. Atakhala katswiri wa zaluso woyamba wokhazikika ku bungwe la NASA, anabwerako ndi The End of the Moon mu 2004, ali yekha pabwalo, akusakaniza za mlengalenga, za nkhondo ndi za galu wake.

Mu 2021 Hirshhorn Museum ya ku Washington inatsegula chionetsero chachikulu cha ntchito zake chotchedwa The Weather. Chipinda chimodzi anachilemba ndi dzanja lake, makoma ndi pansi pomwe, zilembo zoyera pa utoto wakuda, ndipo munali chifanizo cha mbalame ya parrot chimene chinkalankhula. Anthu ankawerenga akuyenda, akupenda mitu, ena atanjuta.

Koma ntchito imene ndimaiona kuti ndi yolemera kuposa zonse ndi Habeas Corpus, imene inaonetsedwa koyamba mu 2015 ku Park Avenue Armory. Apa Anderson anapereka mpata wosimba kwa wina. Mohammed el Gharani anagwidwa ali mnyamata wa zaka pafupifupi 14, natsekeredwa m'ndende ya America ku Guantánamo zaka pafupifupi 7, mpaka anamasulidwa mu 2009 woweruza atapeza kuti panalibe umboni wokwanira. Ku America sakanaloledwa kulowa. Choncho anakhala pampando kumadzulo kwa Africa, ndipo chithunzi chake chinkatumizidwa nthawi yomweyo n'kuwalitsidwa pa chifanizo chachikulu cha munthu wokhala pampando. Anthu a ku New York anaima pamaso pake, ena akugwedeza dzanja ku kamera kuti awaone, ndipo anamva kuchokera pakamwa pake zimene dziko lawo linamuchita.