Anyezi wa pinki amawerenga maola a dzuwa

Pali njira yachidule yolimira anyezi imene anthu a ku Ulaya amaikonda m'timadimba tawo ta kuseri kwa nyumba. M'malo mofesa njere pa nazale n'kudikira mbande, amagula tianyezi touma tating'onoting'ono, tokula ngati nsonga ya chala, n'kutikwirira m'nthaka. Pa Chingerezi timatchedwa sets. Kanyezi kotere ndi mbewu imene inamera kale chaka chatha, anaizula isanakule n'kuiumitsa. Mukakadzala kamangopitiriza pamene kanalekera, chifukwa chakudya kali nacho kale m'thupi.

Mtundu wa pinki wotchuka kwambiri ndi wa ku Roscoff, tauni ya m'mbali mwa nyanja kumpoto chakumadzulo kwa France. Alimi akumeneko anayamba kuwoloka nyanja kukamugulitsa ku Britain mu 1828, ndipo patsogolo pake ankayenda naye panjinga khomo ndi khomo. Ndiye tinene kuti achimwene anu amene ali ku London akutumizirani paketi ya tianyezi ta mtundu umenewu. Mwadzala ku Lilongwe, mwathira manyowa, mukuthirira mosadumphitsa. Masamba atuluka obiriwira bwinobwino. Mudikira miyezi inayi, isanu, koma pansi palibe chotupa, kakhosi chabe ngati anyezi wamasamba. Feteleza alibe mlandu apa. Nkhani ili kumwamba.

Mukukumbuka kuti dziko lathuli ndi lopendekeka ndi madigiri 23.5 pamene likuzungulira dzuwa, eti? Kupendekeka kumeneku ndi kumene kumapangitsa kuti usana uzitalika ndi kufupika pachaka, ndipo kusinthako kumakula mukamatalikirana ndi ikweta. Roscoff ili pa madigiri pafupifupi 49 kumpoto. Mu Juni usana wakumeneko umapitirira maola 16. Lilongwe ili pa madigiri 14 okha kummwera, choncho usana wathu waufupi kwambiri, wa mu Juni, ndi maola 11 ndi mphindi zingapo, pamene wautali kwambiri, wa mu Disembala, umangotsala pang'ono kukwana maola 13. Basi, sitipitirira apo.

Anyezi amayeza zimenezi. M'masamba mwake muli mapuloteni otchedwa phytochrome, amene amasintha maonekedwe akalandira kuwala kofiira, n'kumabwerera pang'onopang'ono kukada. Mwa njira imeneyi chomeracho chimadziwa kutalika kwa usana ndi usiku. Usana ukafika pa mlingo wa mtundu wake, anyezi amasiya kutulutsa masamba atsopano n'kuyamba kutsitsira shuga kumatsinde a masamba, ndipo matsindewo amatupa. Chimene timadula m'ndiwo chija si muzu ayi, ndi matsinde a masamba okutirana. Mitundu ya kumpoto kwa Ulaya imadikira maola 14 mpaka 16. Kuno imadikira chinthu chimene sichidzabwera.

Apa ophunzira ambiri amasokoneza zinthu ziwiri, ndipo ndimaziona ngakhale m'mayankho a ana a Fomu 4. Amati, "Koma aphunzitsi, dzuwa lathu ndi lamphamvu kuposa la ku France." Zoona, kuno dzuwa limakwera pafupi ndi pamutu, ndiye mphamvu yogwera pa sikweya mita imodzi masana ndi yochuluka. Koma mphamvu ya kuwala ndi kutalika kwa nthawi yowala ndi miyeso iwiri yosiyana. Mphamvuyo imathandiza masamba kupanga chakudya. Chizindikiro choti ayambe kutupa chimachokera ku nthawi. Moto waukulu suchititsa kuti wotchi ithamange.

Nanga wofuna anyezi wofiirira m'dimba lake atani? Asankhe mitundu imene imakhutira ndi maola 11 kapena 12, monga Red Creole amene alimi kuno amamudziwa kale. Kunja ndi wofiira, mukamudula mizere yake ndi yoyera ndi pinki. Mtunduwo umachokera ku anthocyanin, yemwe amapezekanso mu kabichi wofiira. Tianyezi todzala mukhoza kupanga nokha: fesani njere mothithikana kwambiri pa bedi lopanda manyowa ambiri, kuti zizilimbirana malo n'kukhala zazing'ono. Masamba akayamba kuuma, zulani, yanikani pamthunzi podutsa mphepo, sungani pouma.

Posankha todzala, pali kasamu kamene ndimakakonda. Voliyumu ya chinthu chobulungira imakula mogwirizana ndi dayamita kuichulukitsa katatu. Kanyezi ka masentimita 2 kali ndi chakudya chochuluka kasanu ndi katatu kuposa ka sentimita imodzi, osati kawiri. Ndiye munthu angaganize kuti takulutakulu ndiye tabwino. Ayi ndithu. Anyezi ndi chomera cha zaka ziwiri, chaka choyamba amasunga chakudya, chachiwiri amachita maluwa. Kanyezi kopitirira masentimita 2 kakamva kuzizira, monga kwa ku Dedza mu Juni ndi Julaye, kamathamangira kutulutsa phesi la maluwa, ndipo chakudya chonse chija chimathera kumeneko. Anyezi wotero amakhala ndi mtima wolimba ndipo sachedwa kuwola. Tengani tapakatikati.

Kadzalidwe kake n'kosavuta. Mvula ikamatha, cha mu Malichi kapena Epulo, konzani bedi lofewa losadikha madzi. Kwirirani kanyezi kumizu pansi, kansonga kangoonekera pamwamba, motalikirana masentimita 10, mizere masentimita 25 mpaka 30. Mizu ya anyezi sipita pansi kwenikweni, choncho thirirani pang'ono koma pafupipafupi, ndipo udzu muzizula ndi manja kuopa kudula mizu ndi khasu. Samalani masamba milungu yoyambirira, chifukwa tsamba lililonse lidzakhala mzere umodzi m'kati mwa anyezi. Makosi akayamba kufewa ndi kugwa okha, siyani kuthirira, dikirani sabata imodzi kapena ziwiri, kenako zulani.