Zoyenera kutsata pobwezeretsa nsomba m'madamu matenda a zilonda akadutsa

NKHOTAKOTA: Mlimi amene nsomba zake zafa ndi matenda amafulumira kufuna mbewu ina kuti damu lisagone, koma kuthira nsomba zatsopano m'madzi omwe kachirombo kakadalimo n'kutaya ndalama kawiri komanso kuika pa chiswe mitsinje ndi nyanja ya Malawi.

Nkhaniyi ikukhudza kwambiri boma la Nkhotakota chifukwa cha mtsinje wa Bua. Mu Julaye 2020, boma linatsimikiza kuti ku Mchinji kwabuka matenda a zilonda za nsomba, omwe akatswiri amawatchula mwachidule kuti EUS, ndipo linaimitsa kwa kanthawi usodzi, malonda ndi kunyamula nsomba za mu Bua ndi madamu oyandikana nawo.

Mtsinjewu umachokera ku Mchinji, n'kudutsa m'malire a maboma a Kasungu, Dowa ndi Ntchisi, kenaka m'nkhalango yosungirako nyama ya Nkhotakota, mpaka kukathira m'nyanja. Ndi mu Bua momwemo m'mene nsomba ya mpasa imakwera kukaswa. Choncho chilichonse choipa cholowa m'madzi kumtunda chimatha kufika kwa asodzi a kugombe.

Matendawa amayamba ndi kachirombo kofanana ndi chuku cha m'madzi, kotchedwa Aphanomyces invadans. Kanaoneka koyamba ku Japan m'chaka cha 1971 ndipo kanafika kuno ku Africa cha m'ma 2006, m'mitsinje ya Chobe ndi Zambezi. Nsomba yogwidwa imayamba ndi timadontho tofiira pakhungu, tomwe timakula n'kukhala zilonda zakuya zodya mnofu. Mlamba ndi matemba ndi zina mwa nsomba zomwe zimagwidwa msanga.

Kachiromboka kamakonda madzi ozizira, a pakati pa madigiri 18 ndi 22, ndi madzi a asidi wambiri, ndipo kamalowa mosavuta pa nsomba yomwe khungu lake lakalika. Kamayenda ndi madzi, nsomba zamoyo, maukonde, zidebe ngakhalenso mabwato. Katemera wake palibe, ndipo kakakhazikika mu mtsinje n'kosatheka kukachotsa. Damu lokha ndilo munthu angathe kuliyeretsa, n'chifukwa chake ntchito yobwezeretsa nsomba iyenera kuyambira pa damulo osati pa mbewu.

Choyamba ndi kuchotsa nsomba zonse zotsala, zakufa ndi zooneka zamoyo zomwe, n'kuzikwirira m'dzenje lakuya lothiridwa laimu kapena kuzitentha, kutali ndi madzi. Kusunga zochepa zooneka zathanzi kuti zikhale mbewu ndi njira yachidule yobwezera matenda m'damu. Nsomba za zilonda siziyeneranso kudyedwa kapena kugulitsidwa.

Chachiwiri ndi kuphwetsa damu. Madzi ake asalozedwe mu mtsinje, m'dambo kapena mu ngalande yopita ku damu la mnzako, koma atayidwe pa mtunda pomwe angalowe pansi. Damulo liume ndi dzuwa mpaka matope atang'ambika, kenaka liwazidwe laimu pansi ndi m'mbali monse. Laimu amapha tizirombo totsalira komanso amachepetsa asidi m'madzi. Maukonde, zidebe ndi nsapato za ogwira ntchito zitsukidwe ndi mankhwala a klorini ndi kuyanikidwa padzuwa, ndipo kubwerekana zipangizozi pakati pa makalabu kulekeke.

Chachitatu ndi gwero la madzi. Ngati damu limamwa kuchokera mu mtsinje womwe munapezeka matenda, kuyeretsa konse kuja kumapita pachabe. Kasupe kapena chitsime n'zabwinoko, ndipo polowera madzi payenera kukhala sefa yotchinga nsomba za mu mtsinje.

Chachinayi ndi mbewu. Tiana ta nsomba tichokere ku malo odziwika oswetsera nsomba, monga ku likulu la ulimi wa nsomba la Domasi ku Zomba kapena kwa alimi omwe nthambi yoona za nsomba inawavomereza, osati togwidwa mu Bua, ku Chia kapena m'madambo. Mitundu yake ikhale ya konkuno monga makumba, chilunguni ndi mlamba. Lamulo losamalira ndi kuyendetsa za nsomba la 1997 sililola kulowetsa mitundu yachilendo m'madzi a dziko lino popanda chilolezo.

Mbewu ikafika isathiridwe m'damu lalikulu tsiku lomwelo. Isungidwe payokha m'kadamu kapena m'thanki kwa masabata osachepera awiri, ikuyang'aniridwa tsiku ndi tsiku ngati ikudya bwino ndiponso ngati ilibe madontho. Pothira, thumba la mbewu liyandame kaye pa madzi a m'damu kuti kutentha kufanane, ndipo nsomba zisagwidwegwidwe ndi manja. Tiana tiwiri kapena titatu pa sikweya mita imodzi n'tokwanira, pakuti nsomba zothinana zimakalana ndipo zimafooka. N'kwanzerunso kudikira kuti chisanu cha Juni ndi Julaye chidutse.

Zonsezi zili ndi phunziro kwa akuluakulu a m'makhonsolo, aphungu ndi mabungwe omwe amagawa mbewu ya nsomba ngati chithandizo. Kugula mbewu yambiri kwa wogulitsa mmodzi wosadziwika n'kuimwaza m'madamu a midzi khumi tsiku limodzi kungafalitse matenda mofulumira kuposa mtsinje. Ndondomeko ya chuma cha ntchito yotereyi iyenera kukhala ndi gawo la laimu, klorini, malo osungira mbewu payokha komanso mafuta oti alangizi aziyendera madamu, osati mtengo wa mbewu wokha.

Matenda a EUS ali pa mndandanda wa matenda omwe maiko amayenera kudziwitsa bungwe loona za umoyo wa zinyama pa dziko lonse la WOAH. Uthenga woterewu umayambira kumudzi. Mafumu, makomiti a m'magombe ndi makalabu a alimi akaona nsomba za zilonda kapena zikufa mwachilendo, ayenera kudziwitsa mlangizi kapena ofesi ya za nsomba ya pa boma mwamsanga, ndipo nsomba kapena madzi a pamalopo zisasunthidwe kufikira akatswiri atayeza.