Mufuna kuphunzira kusinkhasinkha kwa Abuda? Yambani mwafufuza mphunzitsi

Wolemba katekisiti wa ku Chalimbana

Masiku ano foni ya m'manja yafika m'mudzi uliwonse kuno ku Chongwe, ndipo ikubweretsa zinthu zimene kale tinali kungozimva kwa anthu oyenda maiko akutali. Cimodzi mwa izo ndi maphunziro a kusinkhasinkha kwa Abuda. Pa Facebook, pa WhatsApp ndi pa YouTube pali anthu oitana kuti bwerani muphunzire kukhazika mtima pansi, mudzagona tulo tabwino, nkhawa zidzatha. Acinyamata a pa yunivesite ya Chalimbana, aphunzitsi, ngakhale alimi amene cilala ca 2024 cinawasiya ndi nkhongole, amva kuitana kumeneku ndipo ena afuna kuyesako. Makolo nawo ali ndi mantha, akufunsa kuti kodi izi si za usatana?

Tiyambe ndi funso limenelo. Cibuda si usatana ai. Ndi cipembedzo cakale kwambiri, cotsatiridwa ndi anthu mamiliyoni mazanamazana ku Asia. Ngozi yeniyeni kwa munthu woyamba kumene ili pa mphunzitsi. Mlimi aliyense adziwa kuti mbewu yabodza imaikidwa m'thumba lokongola. Ndico cifukwa timayang'ana cizindikiro ca bungwe loyesa mbewu la SCCI la ku Mount Makulu tisanapereke ndalama. Mphunzitsi amene mukumupatsa maganizo anu ayenera kufufuzidwa koposa thumba la mbewu ya cimanga.

Kodi amaphunzitsa ciani?

Cibuda cinayamba ndi Siddhartha Gautama, wochedwa Buddha, amene anabadwira ku Lumbini, m'dziko limene lero ndi Nepal, zaka pafupifupi 2,500 zapitazo. Cili ndi nthambi zikuluzikulu zitatu: Theravada ya ku Sri Lanka, Thailand ndi Myanmar, Mahayana ya ku China, Taiwan ndi Japan, ndiponso Vajrayana ya ku Tibet.

Phunziro loyamba nthawi zambiri limakhala losavuta kumva. Munthu amakhala pansi kapena pa mpando, msana uli ciriri, ndi kuika maganizo pa mpweya umene ukulowa ndi kutuluka m'mphuno. Maganizo akathawira ku munda kapena ku fizi ya ana, amawabwezanso ku mpweya, mosadzikalipira. Palinso njira yochedwa metta, yozolowetsa mtima kufunira zabwino anthu onse, ndi adani omwe. Palibe mankhwala akumwa, palibe nsembe ya nyama, palibe mphini.

Koma Mkristu adziwe kuti kumbuyo kwa njirazi kuli ciphunzitso cosiyana ndi cathu. Cibuda siciphunzitsa za Mulungu Mlengi. Cimaphunzitsa kuti munthu amabadwa mobwerezabwereza malinga ndi nchito zake, kufikira atamasuka ndi kufika pa cimene amati nirvana. Mphunzitsi woona sabisa zimenezi. Amene akuuzani kuti zipembedzo zonse ndi cimodzimodzi sakulemekeza cipembedzo cake ngakhale canu.

Mpingo ukuti bwanji?

Mu 1965 msonkhano waukulu wa maepiskopi wa Vatican II unatulutsa cikalata ca Nostra Aetate. Cikalataco cimachula Cibuda ndi dzina, ndipo cimaphunzitsa kuti Mpingo sutaya coona ndi coyera cimene cimapezeka m'zipembedzo zina. Mu 1986 Papa Yohane Paulo Waciwiri anaitana atsogoleri a zipembedzo, pamodzi ndi Dalai Lama, ku Assisi kukapempherera mtendere.

Kenaka mu 1989 ofesi ya ku Roma yoyang'anira ciphunzitso, pansi pa Kadinala Joseph Ratzinger, inalembera maepiskopi kalata ya kusinkhasinkha kwa Cikristu. Kalatayo inalola kutengako zothandiza ku miyambo ina, koma inacenjeza zinthu ziwiri. Coyamba, pemphero la Mkristu ndi kukambirana ndi Mulungu wamoyo, ndipo palibe luso la kapumidwe limene lingalowe m'malo mwake. Caciwiri, kumva thupi litapepuka ndi mtima uli zii sindiko kuti Mzimu Woyera wafika.

Kumbali ya lamulo la dziko, ngakhale a Frederick Chiluba analengeza mu Disembala 1991 kuti Zambia ndi dziko la Cikristu, gawo 19 la malamulo aakulu a dziko limateteza ufulu wa cipembedzo wa munthu aliyense. Motero kunyoza kapena kuopseza mnansi cifukwa ndi Mbuda ndi kulakwa.

Mafunso asanu ofunsa mphunzitsi

Akulu anati safunsa anadya phula. Musanalembetse dzina lanu, funsani izi.

Loyamba: anakuphunzitsani ndani? M'Cibuda mphunzitsi aliyense woona ali ndi mwini wake. S.N. Goenka, amene anafalitsa njira ya vipassana m'maiko ambiri, anaphunzira kwa U Ba Khin ku Myanmar asanayambe kuphunzitsa ku India mu 1969. Bhante Buddharakkhita wa ku Uganda anadzozedwa kukhala mmonke mu 2002 pansi pa U Silananda, ndipo mu 2005 anakhazikitsa Uganda Buddhist Centre pafupi ndi Entebbe. Kacisi wa Nan Hua ku Bronkhorstspruit, kum'mawa kwa Pretoria, ali pansi pa bungwe la Fo Guang Shan la ku Taiwan kuyambira pamene anayambika mu 1992. Mmonke amene anatumidwa kukauyambitsa, Hui Li, ndiyenso anatsegula malo osungira ana amasiye a Amitofo ku Blantyre m'dziko la Malawi. Anthu otere mbiri yao imalondoleka ngati mzera wa khasu. Amene akuti nzeru zake zinangomufikira kutulo, musiyeni.

Laciwiri: gulu lanu linalembetsedwa kuti? Kuno ku Zambia magulu a cipembedzo amalembetsa ku ofesi ya Registrar of Societies. Pemphani kuona cikalata. Funsani kumene amakumanira, ndipo pitani masana ndi mnzanu. Gulu limene lilibe malo odziwika, longopezeka pa nambala ya foni, lingasowe usiku umodzi pamodzi ndi ndalama zanu.

Lacitatu: ndalama zimayenda bwanji? Mwambo wakale wa Abuda ndi wakuti ciphunzitso sicigulitsidwa, koma wophunzira amapereka mphatso mwa kufuna kwake. Maphunziro a vipassana a masiku 10, monga amene amacitika ku Dhamma Pataka pafupi ndi Worcester ku South Africa, salipiritsa cakudya ngakhale pogona. Amalandira copereka kwa okhawo amene anamaliza maphunzirowo. Magulu ena amalipiritsa kuti alipire nyumba yokumaniramo, ndipo si colakwa ngati mtengo wanenedwa poyera kuyambira paciyambi. Koma cenjerani ndi amene amakweza mtengo pa sitepe iliyonse, ponena kuti cinsinsi ceniceni cili pa kalasi yotsatira. Musagulitse mbuzi kapena thumba la cimanga cifukwa ca zimenezo.

Lacinai: makhalidwe ake ndi otani? Mbuda wamba amasunga malamulo asanu: osapha, osaba, osacita cigololo, osanama, osaledzera. Mmonke wa Theravada ali ndi malamulo 227. Mwa iwo muli loletsa kulandira ndalama m'manja, loletsa kukhala pobisika ndi mkazi, ndiponso lakuti wodzinamiza dala kuti wafika pa uzimu wapamwamba amacotsedwa pa umonke. Conco muyeseni ndi muyeso wake womwe. Munthu wodzicha mmonke amene akuitana mwana wanu wamkazi kucipinda kuti akamuphunzitse payekha, waphwanya kale malamulo a cipembedzo cake.

Kuchuka sikuteteza. Mu 2017 ophunzira asanu ndi atatu a Sogyal Rinpoche, mphunzitsi wa ku Tibet wodziwika kwambiri ku Ulaya, analemba kalata yomuneneza za kumenya ophunzira, kugwiritsa nchito akazi molakwa ndi kuwononga copereka. Iye anatula pansi udindo caka comweco, ndipo kafukufuku wa maloya mu 2018 anatsimikizira zambiri mwa zimene zinanenedwa. Ife Akatolika sitingaseke, pakuti Mpingo wathu nawo walira ndi mabala a mtundu womwewo. Phunziro ndi limodzi: kulikonse kumene mtsogoleri safunsidwa mafunso, ofooka ndiwo amavulala.

Lacisanu: mukundilonjeza ciani? Kusinkhasinkha kungathandize munthu kucepetsa nkhawa ndi kuugwira mtima. Ndico cifukwa Jon Kabat-Zinn mu 1979 anayambitsa maphunziro a masabata 8 pa cipatala ca yunivesite ya Massachusetts ku America, atacotsamo miyambo ya cipembedzo. Koma sikuciritsa shuga, sikulowa m'malo mwa mankhwala a ARV kapena a BP, sikubweretsa mvula, sikupatsa cuma. Wokuuzani kuti musiye mankhwala a kucipatala ndi mdani wa moyo wanu.

Zimene Mkatolika ayenera kudziwiratu

Maphunziro a masiku 10 aja ndi oona mtima pa ndalama, komabe si a aliyense. Ophunzira amadzuka 4 koloko m'mawa, amasinkhasinkha maola pafupifupi 10 pa tsiku, ndipo salankhulana kwa masiku asanu ndi anai. Malamulo ao amapempha kuti pa nthawiyo munthu aimitse mapemphero ndi miyambo ina, ndipo korona saloledwa kukhala nayo. Ndiye kuti Misa ya pa Sondo idzakupitani. Iwo amanena zimenezi poyera, ndipo inu muyenera kuziganizira musanavomere.

Cinanso, m'magulu ambiri amayamba ndi mau a cinenero ca Pali onena kuti munthu akuthawira kwa Buddha, ku ciphunzitso cake ndi ku gulu la omutsatira. Kwa Abuda ambiri, kunena mau amenewa ndi mtima wonse ndiko kukhala Mbuda. Musabwereze mau amene simukuwamva. Funsani tanthauzo, ndipo funsani ngati muloledwa kukhala cete pamene ena akuwanena. Mphunzitsi wabwino sakwiya ndi funso lotere.

Amene anadwalapo matenda a maganizo, kapena amene ali pa cisoni cacikulu ca maliro, asathamangire maphunziro aatali. Kukhala cete masiku ambiri kumatha kuutsa zowawa zakale. Ayambe waonana ndi a cipatala ca pafupi, kapena a ku Chainama Hills mu Lusaka.

Woyamba kumene ayambe pang'ono, mphindi 10 kapena 15 pa tsiku, m'kalasi yapoyera imene angacokemo tsiku lililonse popanda womuopseza. Auze mkazi kapena mwamuna wake, ndipo akambirane ndi abambo mfumu a pa parishi. Cinthu cimene mukuuzidwa kuti mubise kwa a m'banja mwanu cili ndi cifukwa cake cobisira.

Pomaliza, amene akungofuna bata la mumtima adziwe kuti Mpingo nawo uli ndi nkhokwe yake. Pali kukhala cete pamaso pa Ukaristiya, kuwerenga Malembo pang'onopang'ono ndi kuwalingalira, korona, ndiponso njira za Ignasio Woyera wa ku Loyola, amene ana ake, Ajezuiti, anafika ku Kasisi m'dera lathu lino mu 1905. Ku miphakati tingathe kupatula mphindi zocepa za kukhala cete tisanayambe kugawana Mau. Koma amene wasankha kukaphunzira kwa Abuda apite ndi ulemu, maso ali otsegula, ndi mafunso asanu aja m'thumba. Mphunzitsi woona adzawayankha onse osazengereza.