Kasamalidwe ka mazenera a polycarbonate a maboti

Polycarbonate ndi mtundu wa pulasitiki yoonekera ngati galasi, yomwe imagwiritsidwa ntchito popanga mazenera a maboti, makamaka zenera la kutsogolo kwa woyendetsa ndiponso zitseko zoonekera za padenga. Pulasitikiyi siisweka wamba ngakhale imenyedwe ndi mafunde, koma imakandika msanga ndipo mankhwala ena otsukira amaiwononga. Pachifukwa ichi, mazenera ambiri otere amatha ntchito chifukwa cha katsukidwe kolakwika, asanakumane ndi ngozi ina iliyonse panyanja.

Mbiri ndi chikhalidwe chake

Polycarbonate anaitulukira m'chaka cha 1953 akatswiri awiri amene ankagwira ntchito payekhapayekha: Hermann Schnell wa kampani ya Bayer ku Germany, ndi Daniel Fox wa kampani ya General Electric ku United States. Bayer inayamba kuigulitsa ndi dzina lakuti Makrolon, pomwe General Electric inaitcha Lexan. Mayina awiriwa akugwirabe ntchito mpaka lero.

Kulemera kwa polycarbonate ndi pafupifupi theka la kulemera kwa galasi la kukula kofanana. Chinthu cholimba chikaimenya, imapindika pang'ono m'malo mophwanyika, choncho siivulaza anthu ndi zidutswa zakuthwa. Kufooka kwake kuli pamwamba pake, pomwe ndi pofewa kuposa galasi. Kuwala kwa dzuwa nako kumaisandutsa yachikasu pakapita zaka. Pofuna kuchepetsa mavutowa, opanga amakuta mazenera ambiri ndi kachikopa kopyapyala kolimba, koteteza ku dzuwa ndi kukandika. Kachikopaka kakachoka, zenera limawonongeka mofulumira.

Chifukwa chake kusamala n'kofunika

Zenera lokandika limaoneka ngati labwinobwino masana. Vuto limaonekera dzuwa likamatuluka kapena kulowa, ndiponso usiku magetsi akaliwalira. Timizere tokandikato timamwaza kuwala, zenera lonse n'kuchita mbuu. Zikatero woyendetsa boti sangaone msanga bwato la asodzi, mwala, ukonde kapena munthu amene ali m'madzi.

Katsukidwe

Chinthu choyamba ndi kuthira madzi oyera ambiri pazenera musanalikhudze ndi chilichonse. Madziwo amachotsa mchenga, fumbi ndi mchere. Pa nyanja zamchere, madzi akauma amasiya timiyala ta mchere tomwe timakanda ngati mchenga. Pa nyanja zopanda mchere, monga nyanja ya Malawi, chokanda chachikulu ndi mchenga wa m'mphepete ndi fumbi. Kupukuta zenera louma ndi nsalu kapena dzanja kuli ngati kulikwecha ndi mchengawo.

Kenako zenera limatsukidwa ndi madzi ofunda osakaniza ndi timadontho ta sopo wamadzi wotsukira mbale. Pamafunika kansalu kofewa kapena siponji yoyera, ndipo dzanja liziyenda mopepuka kuchokera pamwamba kutsikira pansi. Kansaluko kazitsukuluzidwa pafupipafupi kuti kasasunge mchenga. Pomaliza, zenera limatsukuluzidwa ndi madzi oyera ndi kuumitsidwa pongogunditsa kansalu kena kofewa, kuti pasatsale madontho.

Ntchitoyi imayenera kuchitika pamthunzi, m'mawa kapena madzulo. Zenera likatentha ndi dzuwa, sopo amaumirapo msanga ndi kusiya mawanga. Zitosi za mbalame ndi mamba a nsomba oumirira amafewetsedwa poyalapo nsalu yonyowa kwa mphindi zingapo, osati kupalidwa.

Zinthu zowononga

Mankhwala ambiri otsukira magalasi a nyumba ali ndi amoniya, yemwe amadya polycarbonate. Petulo, asetoni ndi thinala wosungunulira penti ndi oopsanso. Mankhwalawa amachititsa zenera kuyera ngati chifunga kapena kuchita timing'alu tambirimbiri tooneka ngati ukonde wa kangaude. Timing'aluti timayambira pamene pulasitiki yapanikizika, monga mozungulira mabauti, ndipo sititheka kukonzedwa. Mankhwala odzola othamangitsa udzudzu okhala ndi DEET amawononganso pulasitiki, choncho munthu amene wadzola asagwire zenera asanasambe m'manja.

Zinthu zokwechera monga phulusa, waya wotsukira mapoto, bulashi yolimba ndi ufa wokwechera masinki zimakanda zenera nthawi yomweyo. Lezala ndi mpeni siziyenera kugwiritsidwa ntchito pochotsa penti kapena zomata. Ngakhale nyuzipepala, yomwe anthu ambiri amapukutira galasi, imasiya timizere pa polycarbonate.

Kukonza ndi kusunga

Zenera lopanda kachikopa koteteza likakandika pang'ono, likhoza kuwalitsidwa ndi polishi wopangidwira pulasitiki. Zenera lokutidwa siliyenera kupolishidwa, chifukwa polishiyo amachotsa kachikopako ndi kusiya chigamba chomwe chimachita chikasu msanga. N'chifukwa chake mwini boti ayenera kudziwa mtundu wa zenera lake asanayambe kulikonza.

Polycarbonate imafutukuka ikatentha kuposa mmene galasi limachitira. Zenera lotalika mita imodzi limawonjezera pafupifupi mamilimita 2 kutentha kukakwera ndi madigiri 30. Choncho mabowo a mabauti amabooledwa okulirapo, ndipo mabautiwo samangidwa mothina kwambiri. Zomatira za m'mbali nazo zimayenera kukhala zofewa komanso zovomerezedwa ndi opanga zeneralo.

Boti likamakhala nthawi yaitali osayenda, mazenera amaphimbidwa ndi nsalu yofewa yomangidwa bwino kuti mphepo isamaikhuze pazenera. Zenera lomwe lachita chikasu kwambiri, kapena lomwe lili ndi ming'alu yochokera m'mabowo a mabauti, limafunika kusinthidwa, popeza silionetsanso bwino ndipo mphamvu yake yopirira mafunde imakhala itachepa.