Woyendera nyumba naye abwerere m'kalasi

Nyumba ikagwa, anthu amaloza chala mvula, mphepo kapena mmisiri amene anaimanga. Ndi ochepa amene amafunsa za munthu amene ntchito yake ndi kuona ngati malo ali oyenera kumangapo, ngati maziko akumbidwa mokwanira komanso ngati denga lagwirana bwino ndi khoma. Munthu ameneyu ndi woyendera nyumba. M'boma la Phalombe, momwe madzi otsika m'mapiri akhala akugwetsa nyumba ndi kupha anthu, funso loyenera kufunsa ndi lakuti: kodi zimene woyenderayo anaphunzira zaka 10 kapena 20 zapitazo zikadali zokwanira lero?

Boma lomangidwa pakati pa phiri ndi dambo

Phalombe, yemwe anakhala boma payekha mu 1998 atachoka pansi pa Mulanje, anali ndi anthu pafupifupi 430,000 pa kalembera wa 2018. Mbali imodzi ya bomali ili m'tsinde mwa mapiri a Mulanje ndi Michesi, pomwe mbali ina ndi chigwa chotsetserekera ku nyanja ya Chilwa. Kufupi ndi phiri, vuto ndi madzi othamanga amene amakokolola matope, mitengo ndi miyala ikuluikulu. Kuchigwa, vuto ndi madzi odikha komanso dothi la makande, lomwe limafufuma likanyowa n'kung'ambika likauma, ndipo potero limakoka ndi kukankha maziko a nyumba chaka ndi chaka.

Akuluakulu akukumbukirabe Napolo wa mu Malichi 1991, amene anatsika m'phiri la Michesi n'kupha anthu mazanamazana. Kenaka panabwera madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe wa Idai mu 2019, wa Ana ndi wa Gombe mu 2022, ndiponso wa Freddy mu Malichi 2023. Pa ngozi ya Freddy, anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa m'chigawo cha kummwera, oposa 650,000 anasowa pokhala, ndipo nyumba zoposa 250,000 zinagwa kapena kuonongeka. Dera la mfumu yaikulu Nkhulambe ndi limodzi mwa madera amene anasakazidwa kwambiri.

Chichokereni ngoziyi, mabanja ambiri akhala akumanganso. Nyumba iliyonse imene ikumangidwa lero idzakumana ndi namondwe wina mtsogolo, ndipo mphamvu zake zikukonzedwa panopa, pamene maziko akadali poyera.

Kodi woyendera nyumba ndani?

M'maiko ngati United States, kuyendera nyumba ndi ntchito yoima payokha. Munthu akafuna kugula nyumba amalemba katswiri kuti aione kuyambira pansi mpaka kudenga, n'kulemba lipoti la zolakwika zonse ndalama zisanaperekedwe. Kuno kwathu ntchitoyi inagawikana. Kukhonsolo kuli ogwira ntchito za zomangamanga ndi za mapulani a malo, amene amayendera sukulu, zipatala, misika ndi nyumba zamalonda. Pa ntchito zikuluzikulu pamakhala injiniya kapena woyang'anira amene amaimira mwini ntchito. Mabanki nawo amatumiza akatswiri oona mtengo wa nyumba asanapereke ngongole.

Koma kumudzi, komwe kuli nyumba zambiri za m'Phalombe, woyendera weniweni amakhala folomani, mmisiri wamkulu kapena mwini nyumba amene. Nthawi zina amakhala wa m'komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi kapena mlangizi wa zaumoyo amene akuona za zimbudzi ndi zitsime. Lipoti la World Bank la mu 2019 linasonyeza kuti pa nthawiyo dziko la Malawi linalibe malamulo amodzi a kamangidwe ogwira ntchito m'dziko lonse, komanso kuti makhonsolo anali ndi akatswiri ochepa oyendera zomangamanga. Pamene anthu oyendera ali ochepa chotere, aliyense wa iwo ayenera kukhala wodziwa zenizeni, chifukwa palibe wina wobwera pambuyo pake kudzakonza zimene iye sanaone.

Zimene zasintha

Choyamba ndi zipangizo. Mu 2018 boma linakhazikitsa malamulo oletsa kugwiritsa ntchito njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomangamanga za boma, za mabungwe ndi zamalonda, pofuna kuteteza mitengo. M'malo mwake mwalowa mabuloko a simenti ndi njerwa zadothi losakaniza ndi simenti zopanikiza ndi makina. Mmisiri wozolowera njerwa zootcha amadziwa njerwa yabwino poigogoda n'kumva kulira kwake. Buloko ili ndi mayeso ena: kuchuluka kwa simenti, ukhondo wa mchenga, ndiponso masiku amene yathiriridwa madzi isanagwiritsidwe ntchito. Buloko youmitsidwa msanga padzuwa imaoneka yokongola koma imafumbutuka m'manja. Paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Simenti nayo ili m'magulu. Manambala 32.5 ndi 42.5 olembedwa pathumba amasonyeza mphamvu imene simentiyo imafika pakatha masiku 28. Simenti yokhalitsa m'sitolo kapena yogona pa chinyezi imachita mibulu ndipo mphamvu yake imachepa. Pa malata, nambala ya geji ikamakwera ndiye kuti lata likupyapyala, kotero lata la geji 32 ndi lopepuka kuposa la geji 28. Woyendera amene sadziwa zimenezi akhoza kuvomereza katundu wosiyana ndi amene analipiridwa.

Chachiwiri ndi malamulo. Lamulo la mapulani a malo la mu 2016 linaika dziko lonse pansi pa ndondomeko ya mapulani, pamene kale zimenezi zinkakhudza mizinda ndi matauni osankhidwa okha. Izi zikutanthauza kuti malo ochitira malonda ngati Migowi ndi Chiringa sangamakule mwachisawawa. Mu 2023 Nyumba ya Malamulo inavomerezanso lamulo latsopano lothana ndi ngozi zogwa mwadzidzidzi, lomwe likupereka mphamvu zolengeza kuti malo ena ndi oopsa kukhalapo. Wogwira ntchito amene anamaliza sukulu malamulowa asanabwere sangawadziwe pokhapokha wina atamuphunzitsa.

Chachitatu ndi malo enieniwo. Namondwe wa Freddy anasintha njira za mitsinje ina, anakwirira makwawa akale ndi mchenga n'kutsegula atsopano. Malo amene makolo ankati ndi otetezeka akhoza kukhala pakamwa pa khwawa lero. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo miyala ikuluikulu yobulungira imene imapezeka m'minda ya m'tsinde mwa phiri ndi umboni wakuti madzi amphamvu anadutsapo kale. Kuwerenga zizindikiro zotere, pamodzi ndi mapu osonyeza madera angozi, ndi luso limene limafuna kuphunzitsidwa mobwerezabwereza.

Zoyenera kukhala m'maphunzirowa

Maphunziro oonjezera si digiri yatsopano. Ndi maphunziro a masiku ochepa, ochitika chaka ndi chaka, ndipo mbali yaikulu imayenera kuchitikira pamalo omanga. Poyambira pake palipo kale. Zivomezi za ku Karonga za mu Disembala 2009 zitagwetsa nyumba zambiri, boma mogwirizana ndi mabungwe linatulutsa ndondomeko ya kamangidwe ka nyumba zolimba mu 2010, ndipo inakonzedwanso pambuyo pake. Ndondomekoyi inalembedwera nyumba zotsika mtengo za anthu wamba.

Phunziro loyamba ndi la nthawi yoyendera. Nyumba siyenderedwa itatha, pakuti pulasitala ndi penti zimabisa zambiri. Woyendera ayenera kufika maziko atakumbidwa koma konkire isanathiridwe, kuti aone ngati afika pa nthaka yolimba. Abwerenso khoma likamayamba kukwera, kuti aone ngati pulasitiki yotchinga chinyezi yaikidwa komanso ngati pansi pa nyumba pakwezedwa kuposa pamene madzi amafika. Ulendo wachitatu ndi wa pa lintala, pomwe pamafunika lamba wa konkire ndi zitsulo wozungulira nyumba yonse kuti makoma agwirane. Wachinayi ndi wa padenga.

Denga ndi limene mphepo imayamba kulimbana nalo. Malata akakhomeredwa bwino pa matabwa koma matabwawo osamangiriridwa ku khoma, denga lonse limanyamuka ngati chipewa. Waya kapena chitsulo chomangira chiyenera kulowa m'khoma mizere ingapo ya njerwa kutsika pansi. Kupondereza malata ndi miyala kapena njerwa, monga zimaonekera m'midzi yambiri, kumangoonjezera zinthu zogwera anthu. Denga lotsetsereka mbali zonse zinayi limapirira mphepo kuposa la mbali ziwiri, ndipo denga lotulukira kunja mokwanira pamodzi ndi khonde lokwera zimateteza khoma ku mvula, makamaka ngati ndi la zidina kapena lomangidwa ndi matope.

Phunziro lina ndi lowerenga ming'alu. Kamng'alu kakang'ono ka pa pulasitala kawirikawiri sikaopsa. Mng'alu wotsata mizere ya njerwa ngati masitepe, kapena wotambasuka kumwamba n'kupanikizika pansi, umasonyeza kuti maziko akutitimira mbali imodzi. Woyendera wodziwa ntchito amaika chizindikiro ndi tsiku pa mng'aluwo n'kudzauonanso pakapita masabata angapo, kuti adziwe ngati ukukula. Pa nyumba imene inamizidwa ndi madzi, amaonanso ngati madzi anakumba pansi pa maziko, ngati matope omangira anafewa, ndiponso ngati mawaya a magetsi ananyowa. Banja limene likufuna kubwerera m'nyumba yotere limadalira yankho lake kuti ligone mwamtendere kapena lisamuke.

Palinso zina zimene zimaoneka zazing'ono: konkire imafuna kuthiriridwa madzi kwa masiku osachepera asanu ndi awiri, zitseko ndi mawindo zisayandikire kwambiri pakona, matabwa atetezedwe ku chiswe, chimbudzi chokumba chitalikirane ndi chitsime mamita osachepera 30 ndipo chikhale kumunsi kwake.

Zimene ena akuchita

Bungwe la American Society of Home Inspectors, lomwe linayamba mu 1976, limafuna kuti membala aliyense azichita maphunziro oonjezera a maola 20 chaka chilichonse kuti apitirize kukhala membala. Ku South Africa, bungwe la NHBRC limalembetsa omanga nyumba ndi kuyendera nyumba zatsopano zikamamangidwa. Komabe kukhala ndi bungwe pakokha sikokwanira. Pa 6 Meyi 2024, nyumba yosanjikizana imene inkamangidwa mumzinda wa George inagwa n'kupha anthu 34, ena mwa iwo Amalawi amene anapita kukasaka ganyu. Kafukufuku anapeza zofooka pa kalembetsedwe ndi kayenderedwe ka ntchitoyo. Phunziro lake ndi lakuti woyendera amafunika luso komanso mtima wokana kusaina chinthu chimene sanachione ndi maso ake. N'chifukwa chake maphunziro oonjezera ayenera kukhudzanso khalidwe pa ntchito ndi kuopsa kwa ziphuphu.

Angaphunzitse ndani?

Mabungwe oti n'kugwira ntchitoyi alipo. Bungwe loyang'anira zomangamanga, lomwe ambiri akulidziwa ndi dzina lakuti NCIC kuchokera pa lamulo la 1996, lakhala likuchititsa maphunziro a mafolomani ndi makontirakitala. Bungwe la Malawi Engineering Institution limalembetsa mainjiniya ndipo limalimbikitsa mamembala ake kupitiriza maphunziro. Teveta, yomwe inakhazikitsidwa mu 1999, imayang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ndipo ili ndi njira yoyesera ndi kupereka ziphaso kwa amisiri amene anaphunzirira ntchito pamalo omanga. Sukulu yaukachenjede ya Mubas ku Blantyre ili ndi akatswiri ndi zipangizo zoyesera mphamvu ya njerwa ndi konkire, pomwe Malawi Bureau of Standards imakhazikitsa miyezo ya katundu. M'Phalombe momwemo muli sukulu ya ntchito zamanja ya Naminjiwa.

Vuto ndi mtunda ndi ndalama. Maphunziro ambiri amachitikira m'mizinda ndipo amafuna malipiro, zoyendera ndi malo ogona, zomwe mmisiri wa kwa Nazombe kapena kwa Chiwalo sangakwanitse. Ena amabwera ndi mabungwe ngozi ikangochitika, n'kutha pulojekiti ikatha. Chimene chingathandize ndi kuwabweretsa kuboma konkuno m'nyengo yachilimwe pamene anthu amamanga, kuwaphunzitsa m'Chichewa, ndi kusunga kukhonsolo kaundula wa amene aphunzira komanso chaka chimene anaphunzira. Maphunziro akakhala njira yokhayo yopezera ntchito za khonsolo, monga kumanga midadada ya sukulu ndi nyumba za aphunzitsi, amisiri adzawafunafuna okha.

Udindo wa mwini nyumba

Amene akumanga asaope kufunsa, pakuti safunsa anadya phula. Funsani mmisiri kapena woyendera kuti anaphunzira liti komaliza ndipo anaphunzira chiyani. Gwirizanani kuti malipiro aziperekedwa m'magawo, gawo lililonse likaonedwa ndi munthu wina wodziwa amene si womangayo. Jambulani zithunzi za maziko ndi zitsulo zisanakwiriridwe. Musanagule malo, funsani kukhonsolo ndi kwa akuluakulu a m'mudzi kuti madzi anafika pati mu 1991, mu 2015 ndi mu 2023.

Palibe nyumba ya njerwa imene ingaime panjira ya mwala wogubuduka kuchokera m'phiri, ndipo pamalo otere uphungu woona ndi wakuti pasamangidwe nyumba. Koma nyumba zambiri zimagwa ndi zinthu zopeweka: chinyezi chokwera m'khoma, denga losamangirira, maziko osaya pa makande. Zimenezi woyendera wophunzitsidwa bwino akhoza kuziona pa ulendo umodzi, ndipo kuzikonza nthawi yomanga n'kotsika mtengo kuposa kumanganso nyumba yonse mvula itagwetsa.