"Kuuma" kwa Azungu Si kwa Nsomba

Kholo la kumudzi likalandira kalata yocokera ku Lusaka yonena kuti mwana wapita "to dry out," lingaganize za nsomba pa thandala kapena fodya m'cigafa. Mau a Cingelezi amenewa atanthauzadi kuuma, koma amanena za cidakwa cimene cagonekedwa m'cipatala kuti cileke mowa. Azungu amayerekeza thupi lace ndi nsalu yonyowa yofunika kuyanika.

Kuumako si masewera ai. Munthu amene wamwa kacasu tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri akaleka mwadzidzidzi, manja amanjenjemera, thukuta limatuluka, tulo osabwera. Pasanathe masiku 3, ena amagwa ngati akhunyu, ena amaona njoka ndi tizilombo pakhoma. Apa ndipo abale ambiri amathamangira kwa ng'anga poyesa ufiti, pamene wodwalayo angathe kufa akapanda kuonana ndi dotolo.

Cipatala ca Chainama ku Lusaka, cimene cinatsegulidwa mu 1962, cimalandira odwala otere. Amapatsidwa mankhwala okhazika thupi pamodzi ndi mavitamini kufikira ngoziyo itapita. Cilakolako ca mowa cokha ndico cimacedwa kutha, ndipo wodwala amabwerera naco kumudzi kumene kacasu amaphikidwa kuseri kwa nyumba.